Mkazi wa Tofi ndi Bisiketi

Kwathu mbira ndi ndiwo. Zimayendayenda m'khitchini zikudya makoko a nthochi, ndipo mlendo akafika mwadzidzidzi imodzi imalowa mumphika. Koma ku Boksburg, kunyumba imene Mervis ankagwira ntchito, mbira zinali ndi mayina, mabulangete komanso dokotala wake. Tofi ndi Bisiketi, zonse zamphongo, zinali za Zuleikha, mwana wa madamu, amene Mervis anamulera kuyambira ali wa matewera.

Banja lonse likupita ku Durban kukapuma, madamu anasiya mawu amodzi: mbirazo akazipeze mmene azisiyira. Mervis anadziwa kuti si nthabwala. Ntchito imeneyi ndiyo inamupatsa kachipinda ka kuseri, ndipo ku Joni munthu wa mapepala osakwanira akataya pogona wataya zonse.

Ndiye mbirazo zinasankha sabata yomweyo kuti zidane. Tofi anayamba kukukuta mano, kuzungulira mnzake akugwedeza mbuyo, akulira ngati kanjinga kamoto. Mervis pobwera ndi kabichi anapeza ubweya uli mbwee m'khola monse. Kuimbira madamu anaopa, angati mayi wamkulu chonchi walephera kuweta mbira.

Anaimbira mlamu wake Edgar, mlonda wa ku Spartan, amene ankaweta mbira zodya kuseri kwa shaki yake ya malata ku Etwatwa.

"Eish, alamu, zimenezo n'zazing'ono," anatero Edgar. "Zifuleni basi, ngati atonde. Ndibwera ndi lezala."

"Lezala pa mbira ya madamu? Mukufuna ndikagone kupolisi?"

"Ndiye zipatseni mkazi. Amuna awiri m'chipinda chimodzi opanda mayi, mara mukuganiza azichita chiyani? Funsani ife amene tinakhalapo kuhositelo ya amuna okhaokha."

Zinamveka zanzeru. Munthu wogwidwa mantha chilichonse chimamveka chanzeru. Onse awiri anakulira kumudzi, onse ankadziwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, koma palibe anaganiza zimene zimachitika ukawaponyera thadzi limodzi. Mawa lake Edgar anafika pageti ndi kambira kakakazi m'katoni ya sopo.

Mervis asanatseke n'komwe chitseko cha khola, Tofi ndi Bisiketi anagwirana. Anasanduka mpira umodzi wa ubweya, ukugubuduka, ukulira. Iye analowetsa dzanja, mano n'kumuboola chala mpaka pafupa. Atawalekanitsa ndi chivundikiro cha ndowa, Bisiketi anali atagona cham'mbali, khosi litang'ambika, akupuma mofulumira.

Mervis anamuika m'katoni n'kuthamangira naye kwa dokotala. Mutakisi anakhala atakumbatira katoniyo, akupemphera chamumtima. Mayi wina pambali pake anafunsa m'Chizulu ngati muli mwana wa mphaka. Mervis ankangolowetsa chala pabowo la katoniyo kuti amve ngati kanthuko kakutenthabe.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wofatsa, anayang'ana bala n'kufunsa chimene chinachitika. Mervis ananena zonse, n'kuwonjezera mwachangu kuti mwina azifule zonse ziwiri lero lomwe, madamu akabwera akapeze mtendere.

"Kufula kumangoletsa kubereka, mayi," anatero dokotalayo. "Ukali wa mbira suchoka nako. Mukanangoika waya pakati pa khola, ziziwonana koma osakhudzana. Tsopano poti zalumana chonchi chifukwa cha yaikazi, sizidzakhalanso limodzi. Uyu ndiyesa kumusoka, koma sindingamugoneke ndi mankhwala mwini wake asanavomere. Ndipatseni nambala."

Waya basi! Waya amene anali mulu m'galaja. Mervis anayang'ana chitseko. Akanatha kunyamula katoni, kupita ku Etwatwa, kukasankha mbira ina yofiirira. Koma Bisiketi anali ndi kabanga koyera pamphuno kamene Zuleikha ankakapsompsona m'mawa uliwonse, ndipo anali akupumabe. Anatchula nambalayo.

Dokotala analankhula kwa kanthawi, kenako anamupatsa foni. Amene anali pa foniyo anali Zuleikha, akusisima.

"Anti Mervis, akumva kuwawa? Mumugwire, amaopa anthu achilendo. Musamusiye yekha, anti."

"Sindimusiya, mwana wanga."

Kenako panabwera madamu. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa kwambiri Mervis.

"Ukhale pomwepo mpaka amalize kumusoka," anatero madamu. "Ukatero ukatenge katundu wako ndi kanyama kakoko. Makiyi usiye kwa aneba."

Mervis anabweza foni. Dokotala anali akudzaza jakisoni, ndipo anamufunsa ngati angakonde kukadikira panja. Iye anapukusa mutu. Anapukuta dzanja lamagazilo pa epuloni, n'kuliika pansi pa kamutu ka Bisiketi.