Mabotolo a m'Thumba la Mbatatesi

Albina anakhuthula thumba la mbatatesi pakati pa bwalo, mabotolo anayi opanda kanthu n'kugubuduka mpaka pamapazi pa alamu ake, a Domingas. Awiri odzaza anatsalira m'thumba. Azimayi amene ankasenda nyemba pakhonde anasiya ntchito, makutu n'kuima.

"Alamu, izi n'chiyani?"

"Maso uli nawo. Ndi refuresiko," a Domingas anayankha osatembenuka n'komwe.

Nkhani yake inali yotere. A Teodoro, amuna ake a Albina, kale ankaphunzitsa kuno ku Tsangano, m'chigawo cha Tete, koma impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Ankakhala ku Harare kwa mng'ono wawo, komwe makina ankawatsuka magazi kawiri pa sabata. Mu 1991, nkhondo ili mkati, anaumirira kudzaona manda a mayi awo. Adokotala anawalola ulendo wa masiku anayi okha, n'kumuuzitsa Albina kuti nyemba ayi, mkaka ayi, refuresiko, chakumwa chakuda chotsekemera cha m'botolo chija, ndiye asayandikire n'komwe. Akuti muli mchere wotchedwa fosiforo umene impso zodwala sizitha kuchotsa. Umangounjikana m'magazi, thupi n'kumayabwa, mafupa n'kumafooka.

Ndiye linali tsiku lachisanu. Koluna ya asilikali yoperekeza magalimoto ku Tete sinabwere, ndipo a Teodoro anali atadzikanda mpaka miyendo kuchita zilonda.

"Ine kumadabwa kuti munthu akudzikanda chonchi bwanji," Albina anakuwa. "Kani mukuwamwetsa chiphe kuseri kwa nkhokwe!"

"Chiphe? Iwe!" A Domingas anadzuka, chitenje n'kumanganso. "Mudzi wonse ukudziwa kuti makina akowo amamupopa magazi mlongo wanga. Munthu akachepa magazi amamwa refuresiko, ngakhale mwana amadziwa. Ndayenda ndi miyendo yangayi mpaka ku Malawi, njira yomwe ija bomba linadula mwendo wa Zefa, mabotolo ali pamutu. Iwe wachita chiyani? Kumumana nyemba! Kumuyezera madzi m'kakapu ngati mwanapiye!"

Apo azimayi ena anagwedeza mitu, poti nkhani ya kakapuyo inali itafika kale kuchitsime. Ena mpaka ankati Albina akufuna atsale yekha ndi nyumba ya ku Harare, nyumba yoti si yawonso ayi.

"Makina sapopa magazi! Amatsuka n'kubweza! Zaka ziwiri ndakhala pambali pawo ine. Inu munawaonako?"

Chitseko chinatseguka. A Teodoro anatsamira mphuthu, nkhope yotupa, maso ngati akubisala.

"Basi, Albina. Asiye achemwali. Ndinawatuma ndine."

"Mwati chiyani, bambo a Clara?"

"Zaka ziwiri ndikumwa madzi a m'kakapu. Ludzu limeneli sulidziwa iwe. Ndinawauza kuti adokotala analola."

Albina anatsegula pakamwa, koma a Domingas ndi amene anayamba.

"Unandinamiza? Teodoro, ine ndizilumpha mabomba kukakutengera imfa? Kuti mawa anthu azindiloza kuti uyo anapha mlongo wake, manda a amayi asanaume n'komwe? Maphunziro onse aja mutu wake umenewu?"

Anatola mabotolo awiri odzaza aja n'kuwamenyetsa pamwala wonolera makasu. Thovu linathamanga m'fumbi, mayi wina n'kuti, "Mayo ine, chuma chonsechi!" A Domingas anamuyang'ana kamodzi kokha, mayiyo n'kubwerera ku nyemba zake.

Albina analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama.

"Koluna sitikuidikiranso. Tidzera ku Malawi, tikakwere basi yozungulira ku Zambia. Tikachedwa masiku ena awiri, tiwaika pafupi ndi mayi awo."

"Njira yake ukuidziwa?" a Domingas anafunsa mwaukali.

"Ayi."

"Ndiye kabwereke njinga kwa Alfredo, timukweze wabodzayu. Ndikhala patsogolo ine. Uziponda pamene ndaponda, osati uziyang'ana mitambo."

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo, a Domingas ali patsogolo. Atafika pamtsinje, a Teodoro anayang'ana madzi, n'kumeza malovu.

"Kapu imodzi yokha, Albina..."

"Theka," a Domingas anatero, n'kulanda kakapu kaja m'manja mwa Albina, kuti ayeze okha.