Chitsulo cha a Estêvão

Goodwell anafika m'mudzi wa kufupi ndi Nsadzo ali ndi Baibulo, jekete imodzi ya ku maliro ndi ku ukwati komwe, ndi njinga yopanda mabuleki. Chinali chaka chachiwiri cha mtendere. Mpingo wa kwawo ku Dedza unamutuma kuwoloka malire kuti akayambitse tchalitchi pakati pa anthu ongobwerera kumene kothawa nkhondo. Akuluakulu a mpingowo sanamubisire mawu: miyezi itatu ikatha alibe nkhosa, abwerere akathandize bambo ake kulima kachewere. Goodwell khasu ankaliopa kuposa Satana.

Kachisi wa mitengo ndi udzu anamanga mothandizidwa ndi a Abrahamu, bambo amene ankamusunga. Anthu sankakana kupemphera, vuto linali nthawi. Wina ankafika dzuwa likungotuluka, n'kupeza palibe munthu, n'kubwerera. Wina ankafika amen atanenedwa kale, n'kufunsa ngati patsala thobwa. Wotchi m'mudzi monse inali imodzi, ya a Abrahamu, ndipo inaima adakali ku Zambia. Mwezi wachiwiri unatha nkhosa zokhazikika zili zitatu, ina mwa izo yogontha.

Loweruka lina, akudula luzi kumapeto kwa mudzi, Goodwell anapunthwa pa chitsulo cha tayala la lole, chadzimbiri, chitagona pansi pa mtengo wa mbula. Atakweza maso anaona waya akulendewera panthambi. Kwawo belu la sukulu ndi la tchalitchi limakhala chitsulo chomwechi, ndiye apa Mulungu wapereka belu ndi waya womwe! Anachipachika yekha, thukuta lili kamukamu, osauza munthu. Ankafuna kuwadabwitsa. Akulu ananena kale kuti safunsa anadya phula, koma Goodwell miyambi yomwe ankaisamala inali ya Solomoni yokha.

Lamulungu m'mawa anavala jekete, natenga mutu wa nkhwangwa, n'kuchimenya. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Anthu anatuluka m'nyumba nthawi imodzi, ndipo Goodwell anamwetulira poganiza kuti Mzimu wagwira ntchito. Koma palibe amene ankabwera kwa iye. Mayi wina anadutsa mwana ali kumsana, wina m'khwapa, mphika uli pamutu. Mkulu wina amene ankayenda ndi ndodo chifikireni Goodwell analumpha khola la mbuzi osalikhudza. A Abrahamu nawo anali liwiro la mtondo wadooka, wailesi kudzanja ili, tambala kudzanja linalo. Poganiza kuti sakudziwa kumene belu likulirira, Goodwell anamenyanso mwamphamvu kuti awathandize.

Posakhalitsa m'mudzi munangotsala iye ndi agalu.

Anatsatira mapazi mpaka kumtsinje wouma, komwe anapeza a Abrahamu atagona chafufumimba m'chigwembe, atatsina mlomo wa tambala kuti asalire.

"Gonani pansi, a mlaliki!" ananong'ona a Abrahamu. "Mwawaona? Alipo angati?"

"Ndani, bambo?"

"Asilikali! Simunamve chitsulo?"

"Ndaimba ndine. Ndi belu la mapemphero."

A Abrahamu anamasula tambala, nadzuka, nasasa mchenga pamimba.

"Mwana inu," anatero, "chitsulo chija sichiitana anthu. Chikalira, ndiye kuti nkhondo yafika pamtsinje. Chitalira komaliza tinathawa, ndipo tinatha zaka zisanu ndi ziwiri tisanaonenso pakhomo pathu."

Manyazi anamugwira Goodwell mpaka analakalaka nthaka itang'ambika.

Madzulo anthu anasonkhana pansi pa mbula uja, zikanda za minga zili thupi lonse. Mbuzi zinali zitalowa m'nyumba ziwiri n'kumaliza ufa. Mkulu wa ndodo uja tsopano ankatsimphina zenizeni, ndipo ndiye ankakuwa kuposa onse kuti mlendoyo akwere njinga yake mawa lomwe. Goodwell anaima pakati atazolika. M'maganizo mwake anali atagwira kale khasu ku Dedza.

Apo m'pamene anafika mai Vaileti, mayi wotcheza kachasu amene sanapondepo m'kachisi, amenenso ankamutcha Goodwell kuti Kajekete. Anapita molunjika pa chitsulo chija, nachisisita ndi chikhatho.

"Mwachipachika mopotoka, a Kajekete," anatero. "Amuna anga a Estêvão ankachipachika bwino. Iwo ndiwo ankachiimba. Tsiku lomaliza lija anatsala pano akuimba kuti tonse tiwoloke mtsinje, ndipo sanatitsatire."

Goodwell anafuna kupepesa, koma mai Vaileti anali asanamalize.

"Lero ndathawa ngati wina aliyense," anapitiriza mai Vaileti. "Ndafika kuchigwembe, ndadikira mfuti, mfuti osalira. Ndabwerera, ndapeza nyemba zanga zili pamoto, sizinapserere n'komwe. Ine chitsulochi sindinachimvepo chikulira, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndiye amene akufuna kumuthamangitsa mwanayu ayambe wandiuza kuti nyemba zake zapserera."

Wina kumbuyo anaseka, ena n'kutsatira, mpaka mkulu wa ndodo uja mkwiyo unamuthera, nayenso n'kuseka. Onse anagwirizana kuti mlaliki akhale, koma Loweruka aziyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu kuti mawa chitsulo chilira.

Goodwell anayendadi Loweruka lotsatira, mpaka mawu anasasa. Lamulungu m'mawa atafika pa mbula anapeza mai Vaileti afika kale, atavala chitenje chatsopano, chitsulo atachiwongola.

"Bweretsani nkhwangwayo kuno," anatero. "Musaganize kuti ndalowa mpingo wanu. Mizimu ya kwathu sindinaisiye, ndipo kachasu ndikutcheza mawa."

Anamenya kamodzi, n'kudikira kuti mawu ake athe. Anamenyanso, pang'onopang'ono, osati mofulumira monga ankaimbira amuna awo.

Zitseko zinatseguka. A Abrahamu anatuluka, nathamanga mapazi atatu kulowera kumtsinje, kenako anaima, nayerekeza ngati akufunafuna nkhuku. Mayi wa mphika uja anaima pakhomo atagwira ana ake mwamphamvu. Anayang'ana kutchire, nayang'ana ku mbula, n'kuyamba kuyenda kulowera kumene chitsulo chinkalirira. Ena anamutsatira.

Goodwell anayamba kuwawerenga kuti akalembere akuluakulu a ku Dedza, koma atafika pa makumi atatu maso anadzaza misozi, n'kusokoneza chiwerengero. Atacheuka anaona kuti mai Vaileti nawo misozi ili mbwembwembwe, koma dzanja silinaleke kumenya.

"Mai, anthu afika onse," anatero motsitsa mawu. "Mutha kusiya."

"Ndisiyeni pang'ono, a Kajekete," anayankha mai Vaileti. "A Estêvão amve kuti tinabwerako."