Mpama wa Kuseri kwa Mwala

Chaka cha njala ija, 1949, ku Nsamala kudauma gwa. Mphepo yotentha inkawomba tsiku lonse kuchokera kuchigwa, ndipo chomera chilichonse choima poyera chidapserera. Martina adatsala ndi mwana mmodzi, Joanna, wa zaka zinayi. Mwamuna wake adapita ku Nayuchi kukasuma, miyezi itatu kuli zii. Amuna a chaka chimenecho njira yopita ankaidziwa, yobwerera ndiyo inkawavuta.

Akazi ankakumba mpama m'tchire mpaka udatha. Udatsala umodzi wokha, ndipo mudzi wonse unkadziwa pomwe unali. Kuseri kwa mwala waukulu wa paphiri mphepo sinkafikako, dzuwa linkachedwa, mame ankatsetsereka pamwalawo n'kumadonthera pansi. Mpamawo udayanga pamenepo, masamba biriwiri ngati kunja kulibe chilala.

Koma aliyense ankaulambalala. Ndi pomwe adakwirira khanda la Martina lobadwa lakufa chaka chapitacho. Khanda lotere amaika ndi akazi okhaokha, popanda kulira, m'dzenje losaya kuti mayi asadzaleke kubereka. Losaya ndithu, lolekeza m'chigongono.

Tsiku lomwe Joanna adasiya kulira njala n'kumangoyang'ana kudenga, Martina adatenga khasu. Panjira adakumana ndi a Salima, mmodzi wa amayi omwe adakumba dzenjelo.

"Kuseri kuja?" adafunsa a Salima, akuyang'ana khasulo. "Iyayi, mwanawe. Mpama umene uja ukudya pamwana wako."

"Nanga wamoyoyu adya chiyani, amayi?"

A Salima adangoyang'ana kumbali, n'kumupatsa njira.

Martina atafika kuseri kwa mwalawo, mphepo idati zii ngati wina watseka chitseko, ndipo mantha adamugwira. Khasu adaliika pambali. Adagwada n'kuyamba kufukula ndi zala, pang'onopang'ono, atatsinzina. Dothi linali lozizira ndi lonyowa. Zomwe zala zake zidakhudza asanafike pampamawo sadauzepo munthu, ndiye ine ndisamunamizire. Adauzula, adabwezera dothi bwinobwino, n'kutsika phiri.

Kunyumba adauwiritsa mpaka udafewa. Joanna adadya mwakachetechete, adanyambita zala, kenaka adadzuka yekha n'kukhala tsonga pamphasa, koyamba pa masiku atatu. Martina adakondwa. Koma iye sadalaweko ngakhale kachidutswa.

"Amayi, ndi wokoma," adatero mwanayo. "Mawa mukatengenso wina komweko."