Azisebele Awiri, Bilu Imodzi

A Wadih anali ndi mbiri yomwe ankaisamala ngati dzira: kwa zaka makumi atatu palibe munthu anawalipirirapo chakudya. Bilu ikangofika patebulo ankaitsomphola, uku akulumbira pa manda a bambo awo. Mlamu wawo wina anang'ambikapo malaya polimbirana nawo kapepalako.

Lamlungu lina mwana wawo Joumana anasankha yekha malo oti mabanja awiri adyere limodzi koyamba chitomeredwe chake. Kanali kanyumba kofululira mowa m'mphepete mwa nyanja ku Batroun. Anakhala anthu khumi ndi awiri, ndipo moyang'anana ndi a Wadih munali a Tannous, bambo a Nadim, mnyamata wotomerayo.

Mowa unabwera wa mbuu, m'matambula a mimba.

"Mukulimva fungo la makoko a malalanje, bambo?" anafunsa Nadim akuyang'ana a Wadih. "Awa amafulula okha kuseri uku, migolo iwiri basi pa sabata."

A Wadih anamva kuwawa kokhakokha, ngati kwinini. Koma pamaso pa asebele munthu sukwinya nkhope. Anati mowawo ndi wa mafumu, naitanitsa wina wa tebulo lonse. Nsomba zokazinga zitafika anaitanitsanso, osaiwala karoti wothira ndimu ndi mchere.

Apo m'pamene anatembenuza pepala la mitengo. Tambula imodzi madola khumi. Wa kugolosale ndi dola imodzi, ndiponso suwawa. Anawerengera mumtima matambula onse amene anaitanitsa.

Nzeru inabwera yokha, yochititsa manyazi koma yotsika mtengo. Anakodola woperekera zakudya kuti abweretse bilu, kenaka anapepesa kuti akukataya madzi. Akachedwako pang'ono, a Tannous alipira, iwo adzabwera n'kukalipa kuti awabera mwayi. Mbiri ingadetsedwe bwanji munthu kulibe?

Ali mkati mosamba m'manja kachitatu, chitseko chinatseguka. Analowa a Tannous, natsegula mpopi wa pambali.

"Madzi a kuno ndi abwino, asebele," anatero a Tannous patapita nthawi.

"Ofewa kwambiri."

Anasambabe. Sopo ankangochepa.

"Kodi inu malalanje aja munawamva?"

"Ine ndinamva kwinini," anayankha a Wadih.

"Ine ndinamva madola khumi. Mtengo wa malalanje ndili nawo pakhomo, sundilipiritsa fungo."

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo a Wadih anamukonda munthuyo pomwepo. Anapangana zogawana bilu pakati, chinthu chimene akanachikana m'tchalitchi momwe, koma kuti patebulo alimbirane kaye anthu aone.

Anatuluka akukankhana ndi zigongono, aliyense dzanja m'thumba, wina akulumbira pa ana ake, wina pa maso ake. Woperekera uja anangowayang'ana.

"Zalipiridwa kale, mabwana. Alipira achemwali awo."

Joumana anali akutseka kachikwama kake. "Munachedwa, ababa. Musadandaule, ndine ndinakubweretsani kuno, ndipo ine mowawu ndimaukonda. Ndimalandira malipiro masiku ano, mwaiwala?"

Sananene mwachipongwe, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri. Akanalipira a Tannous bwenzi pali munthu woti amukalipire. Koma uyu anali mwana amene ankamugulira chimanga chootcha m'mphepete mwa nyanja yomweyi, amene atakwatiwe mwezi wa mawa, ndipo pa nthawi yotsiriza yoti amulipirire ngati mwana wa m'nyumba mwawo, iwo anali kuchimbudzi akutha sopo.

Anakhala pansi pang'onopang'ono, nakodola woperekera uja.

"Bweretsani wina, tebulo lonse. Wodula uja."

"Asebele, ndi wowawatu," ananong'ona a Tannous.

"Ndikudziwa. Bilu yake aike m'dzanja langa ili, ndipo inu musayerekeze kudzuka."