Nsalu Imene Sinaole

A Kalaliki anali munthu wosafunsa. Anakhala mu ofesi zaka makumi atatu anthu akufola kudzafunsa iwo, ndiye atapuma pantchito n'kuyamba kulima munda umene bambo awo anawasiyira, kufunsa ankakuona ngati kudzichotsa ulemu. Zaka ziwiri zotsatizana chimanga chinakana, ndipo iwo anagamula kuti nthaka yatha, bola kugulitsa. Akazi awo, telala wosokera pakhonde, ankati vuto ndi kubzala mochedwa basi, ndipo munda wa malemu sagulitsa chifukwa cha zaka ziwiri zokha.

Mvula itayamba, mlangizi wa zaulimi anaitanitsa msonkhano. Anafotokoza kuti nthaka yabwino imakhala ndi moyo: nyongolotsi, ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso timene timadya zinyalala n'kuzisandutsa chonde. Ukafuna kudziwa ngati yako ili moyo, umakumba kadzenje n'kuwerenga nyongolotsi, umanunkhiza dothi, kapena umakwirira kansalu ka thonje miyezi iwiri. Nthaka yamoyo imakadya mpaka kutsala ulusi wokhawokha, yakufa imakubwezera momwe unakaikira.

Zowerenga nyongolotsizo a Kalaliki anaziona ngati masewera a ana. Munthu wamkulu, wa tayi, azigwada m'matope kuwerenga nyongolotsi? Za nsaluzo ndiye anazikonda, poti unali umboni woti angauyale patebulo mayi n'kusowa chonena. Atafika kunyumba anatola kansalu koyera m'dengu la zidutswa, mwini dengu ali pomwepo akupalasa makina, osamufunsa ngakhale liwu limodzi. Anakakakwirira pakati pa munda n'kuzikapo kamtengo.

Miyezi iwiri itakwana anafukula. Kansalu kanatuluka kathunthu, kangoda basi. Anakakoka uku ndi uku, osang'ambika. Mtima wawo unawawa pang'ono, koma tinene zoona, anasangalalanso kuti apambana mkangano. Anakaika mu envulopu, n'kulembapo tsiku, monga mwa ntchito yawo yakale. Panali woumba njerwa wina amene ankawanyengerera za malowo kuyambira kale. Sabata isanathe anasainirana, ndipo mayi anauzidwa zonse zitatha kale.

Mayi sanakalipe. Masiku atatu makina okha ndiwo ankayankhula pakhomopo. Tsiku lachinayi anapempha kuti auone umboniwo. A Kalaliki anabweretsa envulopu ija monyadira. Mayi anakatikita kansaluko ndi zala, anasololapo ulusi, n'kuuyatsa ndi machesi. Ulusiwo sunayake. Unangofwanyata, n'kusungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba, kakununkha pulasitiki.

"Bambo, thonje likapsa limasiya phulusa," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndi nayiloni, yotsala pa diresi ya ukwati ija ndinasoka. Mukanaikwirira zaka khumi mukanaipeza chomwechi. Ndinali pompano, bambo. Mukanangondifunsa."

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma a Kalaliki anadya phula ali ndi telala m'nyumba. Manyazi anawagwira, ndipo chisoni chinabwera pambuyo pake, chachikulu kuposa manyaziwo. Anavala nsapato n'kuuyamba wa kumunda, akudzinamiza kuti mwina woumba njerwa uja sanayambe ntchito, mwina angamvetse.

Anapeza chimanga cha chaka chimenecho chitasengedwa, zikombole zitayalidwa. Anthu anali kale m'dzenje lofika m'chiuno, pomwe malemu bambo awo aja ankakwirira mapesi chaka ndi chaka. Dothi lapamwamba analiunjika pambali, lakuda bii, lonunkhira ngati mvula yoyamba. A Kalaliki, ndi tayi yawo yomwe, anagwada n'kutapa ndi manja awiri. Nyongolotsi zinayamba kuwayenda m'zala. Anawerenga zisanu ndi ziwiri, kenako analeka, poti maso sankaonanso bwino.

Woumba njerwa uja anabwera akupukuta manja pa buluku, nkhope ili gwa. A Kalaliki anayesa kuyamba nkhani yobweza malo, koma iye anawadula mwaulemu kuti zosainirana sizibwerera, ndipotu wodandaula akanayenera kukhala iyeyo.

"Munandiuza kuti nthaka yake ndi yakufa, achikulire," anatero akuloza mulu uja. "Taonani, nyongolotsi ndi mizu zokhazokha, njerwa sizingagwire. Tataya masiku atatu athunthu kuchotsa dothi lakudali kuti tifike pa lenileni. Mawa kubwera lole idzalitaye kudzala."

A Kalaliki anafunsa, funso lawo loyamba m'zaka zambiri, ngati angatapeko pang'ono. Woumba njerwa anaseka n'kuwapatsa thumba lakale la simenti. Anadzaza ndi manja, n'kulisenza paphewa kupita nalo kwawo, kumene bwalo lonse analiwaka konkire chaka chimene anapuma pantchito.