Mano a Nkhosa ya a Profesa

Atapuma pa ntchito ya mu ofesi, bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Profesa anagula nkhosa zisanu, jombo ndi buku la ulimi. Jombozo ankavala tsiku lililonse. Bukulo analisiyira pa tsamba lachitatu, ati wolembayo sankadziwa zambiri.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala makaniko wina, mwini galaja ndi kadimba ka kabichi. Nkhosa yamphongo ya a Profesa inapeza pobowoka pampandapo, ndipo kawiri konse inakameta kabichiyo mpaka pansi. Ulendo wachiwiri makanikoyo anaibweza akuikoka khutu.

"Bambo, ikadzabweranso ndidzaigulula mano ndi sipanala," anatero.

Patapita mlungu, a Profesa anaona nkhosayo itagona pamthunzi, ikungotafuna popanda udzu pafupi. Anaigwira chibwano n'kuikanula kukamwa. Mano akutsogolo akumunsi analipo, oyera bwino. Kumwamba kunali usinini wokhawokha, wolimba ngati chidendene.

"Mayi! Tabwerani mudzaone nkhanza za munthu uja!"

Akazi awo, amene anakula akuweta ziweto za bambo awo, anasuzumira kamodzi kokha.

"Abambo, nkhosatu zonse..."

"Musandiphunzitse inu. Ndinawerenga ine."

Mayiwo anabwerera kukasita zovala.

A Profesa anamanga nkhosayo chingwe n'kuyamba kuikokera kwa dokotala wa ziweto kuti akatenge kalata ya umboni. Podutsa pa galaja anakuwa kuti, "Tikaonana kupolisi!" Makaniko anatulutsa mutu pansi pa galimoto, n'kuubwezanso.

Kuchipatalako anadumpha mzere wa alimi n'kupeza mtsikana akutsuka m'manja.

"Mwanawe, kaitane adokotala."

"Ndine ndemwe, bambo. Chavuta n'chiyani?"

Anafotokoza zonse, za kabichi ndi za sipanala. Dokotalayo anakanula nkhosayo, n'kuisisita pamphumi.

"Ili bwinobwino iyi. Nkhosa sikhala ndi mano akutsogolo akumwamba, imabadwa choncho. Imapana udzu pakati pa mano akumunsi ndi usinini uwu, n'kudula. Otafunira ali kumbuyo uku. Zimene munaona ikutafuna ndi udzu wa m'mawa, imaubweza kuchokera m'mimba. Ndiko kubzikula kumeneko."

"Kubweza chakudya? Ndiye kuti anaipatsanso poizoni! Lembani zonse ziwiri."

Dokotalayo anapuma mozama. Anaitana mlimi wina wachikulire amene anali pamzere ndi nkhosa zake ziwiri, n'kumupempha kuti azikanule. Zonse kumwamba kunali pululu.

A Profesa anayang'ana nkhosazo, kenako mlimiyo, mwachifundo chachikulu.

"Achimwene, kodi makaniko ameneyu anafikanso kwanu?"

Mzere wonse unaphulika ndi kuseka. Mayi wina anaseka mpaka nkhuku imene anafungatira inapulumuka. A Profesa anatuluka opanda kalata, akunena kuti sukulu za masiku ano zikungogawa madipuloma ngati maswiti.

Pobwerera nkhosa inatopa, inakhala pansi pakati pa msewu, moyang'anizana ndi galaja, n'kuyamba kubzikula. Anaikoka, anaikankha, osasuntha. Makaniko anatuluka akupukuta manja.

"Apolisi aja abwera nthawi yanji, bambo? Ndimafuna ndisambiretu."

Nkhani inali itawatsogolera kale. M'mawa mwake pansi pa chikwangwani cha galaja panaoneka mawu atsopano a penti yofiira: TIMAZULANSO MANO A NKHOSA.

A Profesa sanapepese. Anagulitsa nkhosa zonse zisanu, akuuza aliyense kuti ogulitsa anawanamiza n'kuwapatsa mtundu wolumala, ndipo anagula mbuzi zitatu. Zitafika, anadikira kuti pabwalo pasakhale munthu, n'kukanula imodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitseka pakamwa mwaulemu, ndi manja awiri.

"Zili bwanji mbuzizo, abambo?" anafunsa akazi awo ali pawindo.

"Zili bwino."

"Mano onse alipo?"

"Ndati zili bwino, mayi."