Khola la Mlendo

Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, tsiku lomwe ankanyamuka kupita kunja, Mtchona anagwira chipata cha khola n'kulonjeza bambo ake kuti ng'ombe zawo sizidzagona m'khola la mlendo iye ali moyo. Bambowo anangogwedeza mutu. Anamwalira iye ali kutali, maliro n'kuwamvera pafoni.

Atabwerako, ali ndi imvi ndi masutikesi awiri, anapeza khola lili pululu, ndowe zikadali zaziwisi. Anansi anati mng'ono wake wakweza ng'ombe zonse zisanu ndi ziwiri m'lole m'mawa womwewo. Sanafunsenso zambiri. Anathamangira kupolisi, lole inagwidwa pamsewu, ndipo ng'ombe zinatsekeredwa kuseli kwa ofesi ya apolisi, pakati pa magalimoto ophwanyika pangozi. Patatha milungu itatu nthiti zawo zinkaonekera patali.

Chipinda cha khoti chinali chothina, mabenchi odzaza, fani yapadenga itafa kalekale. Woweruza, mayi wa magalasi okhala pamphuno, ananeneratu kuti lero sakufuna mwini ng'ombe. Akufuna wozisunga mpaka mlandu udzathe.

Wapolisi anaimirira. "Bwana, ife tinaphunzira kugwira akuba, osati kukama. Dzulo yamawanga ija yadya malaya a mkulu wathu pachingwe. Tichotsereni, chonde."

Anthu anaseka, woweruza osaseka.

Mtchona anatulutsa kalata ya bambo ake, yofiirira ndi ukalamba, yonena kuti ng'ombe za banja lawo ndi zodulidwa kawiri khutu lakumanzere. Anaiwerenga bwinobwino, ngati munthu wozolowera kumvedwa.

"Makutuwo ndinadula ndine, achimwene," anatero mng'ono wake, chipewa chili m'manja. "Zimene munasiya inu zinafa kale, izi ndi zidzukulu. Chitsime chathu chinaphwa. Ndimapita nazo kukhola lakale la bambo, kumtsinje. Mukanangondifunsa."

"Ukanandidikira."

"Zaka makumi awiri ndi zitatu? Ngakhale ng'ombe ikanatopa."

Woweruza anagogoda patebulo ndi cholembera. Anati njira zilipo ziwiri. Mmodzi akalolera, mnzakeyo azitenga lero lomwe. Akakanirirana, khoti lizipereka kwa mlimi wina wa kutsidya kwa tauni, amene amasunga ziweto za milandu.

"Ine ndilibe mawu ambiri, bwana," anatero wamng'onoyo. "Imodzi ili ndi bere. Achimwene aitchule, ndiwasiyira zonse."

Mtchona ankapita kupolisi tsiku ndi tsiku kukaziyang'ana pawaya. Anali atawerenga mabuku odzaza chipinda, ankadziwa misewu ya mizinda yomwe anthu a m'mabenchiwa sadzaipondako. Koma pa ng'ombe zowonda zija sanaonepo yosiyana ndi inzake. Zinkamuyang'ana monga zinkayang'anira wapolisi.

"Yamawanga," anatero.

"Imeneyo ndi mfule, achimwene."

Ulendo uno anthu anaseka motsitsa, ena ataphimba pakamwa, ndipo kuseka koteroko n'komwe kunamulasa. Woweruza anavula magalasi n'kumufunsa modekha ngati akulolera kuti mng'ono wake azisunge.

Mtchona anayang'ana manja a mng'ono wakeyo, ong'aluka, okhala ndi zipsera za chingwe, ofanana ndendende ndi a bambo awo. Anadziwa kuti munthuyu sanabe kanthu. Mawu oti azisunge anafika pakhosi. Kenako anamva wina kumbuyo akunong'ona kuti ndi mmene amachitira otchona, amabwera kudzalanda zomwe sanawete. Anapinda kalata ija kanayi n'kuibwezera m'thumba la jekete.

"Sindilola, bwana."

Woweruza analemba mizere itatu, n'kudinda. Mng'ono wake anavala chipewa, napempha wapolisi kuti akauze mlimiyo kuti yakudayo asamaithamangitse, yatsala mwezi umodzi.

Dzuwa likadali pamutu, lole inaima kuseli kwa ofesi ya apolisi. Tsiku limenelo ng'ombe za bambo ake zinakagona m'khola la mlendo, iye ali moyo.